North Macedonia kuseri kwa Skopje ndi Ohrid: mafunso ndi mayankho a wapaulendo

Anthu ambiri akafika ku North Macedonia amagona usiku umodzi ku Skopje, likulu la dzikoli, n'kuthamangira ku nyanja ya Ohrid, kenaka n'kukwera ndege kubwerera. Salakwitsa, chifukwa Ohrid ndi malo okongoladi. Koma zambiri zomwe dzikoli lasunga zili kumene mabasi a alendo saima: m'timatchalitchi ta m'midzi tokhala tokhoma sabata yonse, m'matauni a m'mapiri omwe achinyamata ake anapita kukafuna ntchito kunja, ndi m'mabwinja omwe munthu angayendemo yekha m'mawa wonse. Mayankho ali m'munsimu akukamba za malo amenewo.

Dzikoli lili pati, ndipo n'lalikulu bwanji?

Lili kummwera cha kum'mawa kwa Ulaya, m'chigawo cha Balkan, ndipo silikhudzana ndi nyanja yamchere. Kummwera kwake kuli Greece, kumadzulo Albania, kum'mawa Bulgaria, kumpoto Serbia ndi Kosovo. Kukula kwake ndi masikweya kilomita 25,713, ndiye kuti lingalowe m'Malawi kanayi malo n'kutsalako. Kalembera wa 2021 anapeza anthu pafupifupi 1.8 miliyoni. Linali gawo la Yugoslavia mpaka 1991.

Dzina loti North Macedonia ndi latsopano. Greece anakhala akukana kuti dzikoli lizitchedwa Macedonia, poti nayenso ali ndi chigawo cha dzina lomwelo, mpaka maiko awiriwa anasainirana pangano m'mbali mwa nyanja ya Prespa mu Juni 2018. Dzina latsopano linayamba kugwira ntchito mu 2019. Mukafika mudzamva eni ake ambiri akungoti Macedonia. Kwa ena nkhaniyi idakali bala, choncho si yoyambitsa mwachibwana.

Kuchepa kwa dzikoli kusakunamizeni. Ndi la mapiri okhaokha, misewu yake ndi yokhotakhota, ndipo malo ooneka oyandikana pamapu angakudyereni theka la tsiku.

Aliyense amatama nyanja ya Ohrid. Ili ndi chiyani chomwe munthu wokulira pafupi ndi nyanja ya Malawi sanaone?

Pa kukula, Ohrid ndi mwana: kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 30, kuya kwake mamita 288, pomwe nyanja ya Malawi imafika mamita 700. Koma asayansi amaziika ziwirizi m'gulu limodzi la nyanja zakale kwambiri padziko, momwe zamoyo zakhala kwazokha nthawi yaitali mpaka kusanduka mitundu yosapezeka kwina kulikonse. Kwathu timanyadira mbuna. Ku Ohrid kuli mitundu yoposa 200 yotero, yambiri ndi tinkhono ta m'madzi, komanso nsomba ya trout ya ku Ohrid yomwe chithunzi chake chili pa ndalama yachitsulo ya 2 denar. Nsombayi inachepa kwambiri chifukwa chogwidwa mopyola muyeso, ndiye ine sindingakulimbikitseni kuiitanitsa m'lesitilanti. UNESCO inalemba Ohrid m'kaundula wake mu 1979, pomwe paki ya nyanja ya Malawi inalowamo mu 1984.

Tauni ya Ohrid imadzaza mu Julayi ndi Ogasiti. Wolokerani tsidya la kumadzulo, kupitirira Struga. Ku Kališta ndi ku Radožda kuli matchalitchi a m'mapanga a m'thanthwe moyang'ana madzi. La ku Radožda, la Mngelo Mikaeli, mumalifika pokwera masitepe ambirimbiri pamwamba pa mudzi wa asodzi.

Chakumtunda kwa Struga kuli Vevčani, mudzi womwe akasupe amatumphuka pansi pa phiri n'kumayenderera m'ngalande pakati pa nyumba. Mu 1987 boma la nthawiyo linafuna kupatutsa madziwa kupita nawo kwina, anthu a m'mudzimo anakana ndipo analimbana ndi apolisi. Madziwo akuyendabe m'mudzimo. Pa 13 ndi 14 Januwale amachita chikondwerero chovala zigoba kumaso, chomwe amanyoza nacho andale ndi zochitika za chaka chathacho.

Nanga Prespa, yomwe siitchulidwa kawirikawiri?

Apa ndi pomwe ndingakupempheni kuti muchedwepo. Prespa ili kuseri kwa phiri la Galičica, pamtunda wa mamita pafupifupi 850, pomwe Ohrid ili pa mamita osakwana 700. Pakati pa nyanja ziwirizi palibe mtsinje wooneka. Madzi a Prespa amalowa m'ming'alu ya miyala ya laimu, n'kudutsa pansi pa phiri lonselo, n'kukatumphukira ku akasupe a pafupi ndi nyumba ya amonke ya Sveti Naum m'mbali mwa Ohrid. Msewu wokwera Galičica umalumikiza nyanja ziwirizi, ndipo amene angakwanitse kuyenda wapansi mpaka pansonga ya Magaro amaziona zonse nthawi imodzi, ina kumanja ina kumanzere.

Prespa ndi ya maiko atatu: North Macedonia, Albania ndi Greece. Kulibe phokoso la mahotela. Kuli minda ya maapozi ya ku Resen, mabango, avuwo, ndi midzi yomwe nyumba zambiri zamiyala zinatsekedwa eni ake atasamukira ku Australia, Canada ndi America. Chomvetsa chisoni n'choti nyanjayi ikuphwa. Madzi atsika ndi mamita angapo kuyambira zaka za m'ma 1980, chifukwa cha kuchepa kwa mvula ndi chipale chofewa komanso kuthirira minda, moti m'malo ena madoko a mabwato anatsala pamchenga.

M'nyanjayi muli chilumba cha Golem Grad, chopanda anthu, chomwe mumafikako pa bwato kuchokera ku Konjsko kapena ku Stenje. Kuli mabwinja a nthawi ya Aroma, katchalitchi ka Petulo Woyera ka zaka za m'ma 1300, akamba, mbalame zodya nsomba, ndi njoka zochuluka moti ena amangochitchula chilumba cha njoka. Zambiri ndi za m'madzi zopanda ululu, koma zaululu ziliponso, choncho valani nsapato zotseka.

Kenaka Kurbinovo. Pamwamba pa mudziwu pali tchalitchi cha George Woyera, chomwe mukachionera kunja mungati ndi nyumba yosungiramo katundu: makoma anayi amiyala, opanda nsanja, opanda chokongoletsa. M'kati mwake muli zithunzi zojambulidwa pakhoma mu 1191. Chotchuka kwambiri ndi cha Mngelo Gabirieli, wamtali, wowonda, dzanja atatambasula, zovala zake zitapindikapindika ngati zikuuluzika ndi mphepo. Mngelo ameneyu ndi amene ali pa ndalama ya 50 denar. Anthu amayenda naye m'thumba tsiku lililonse, koma ochepa okha ndi amene anakwerapo kukamuona pakhoma pake.

Ndamva kuti matchalitchi ambiri otere amakhala okhoma. Ndiye munthu amalowa bwanji?

Ndi zoona, ndipo ichi ndicho chimabweza alendo ambiri. M'midzi yambiri kiyi amasungidwa ndi munthu wa m'mudzi momwemo, nthawi zambiri wachikulire, kapena ndi wansembe wotumikira midzi ingapo. Nthawi zina nambala ya foni imakhala pachitseko. Ikapanda kukhalapo, funsani pagolosale kapena panyumba yoyandikana nayo, kapena pemphani mwini nyumba yomwe mwagona kuti akuimbireni dzulo lake. Mukhoza kudikira theka la ola. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akakutsegulirani, kumbukirani kuti awa ndi malo opempherera a mpingo wa Orthodox, si nyumba zoonetsera zakale chabe. Phimbani mapewa ndi mawondo, abambo vulani chipewa, musakhudze makoma, ndipo musajambule ndi kuwala kwa kamera. M'malo ena kujambula n'koletsedwa kumene. Gulani kandulo kapena siyani kangachepe m'bokosi. Kandalama kameneko ndiko kamathandiza kukonza denga.

Kum'mawa kwa dzikoli kuli chiyani? Mabuku a alendo sanenako zambiri.

Kuli Kratovo, tauni yomwe ine ndimaiona kuti ndiyo yonyalanyazidwa mopanda chilungamo kuposa onse. Inamangidwa m'chigwa cha phiri lomwe kalekale linkaphulika moto, m'mapiri a Osogovo. Timitsinje tinang'amba tauniyi m'zigawo, ndipo zigawozo zimalumikizidwa ndi milatho yamiyala yaitali yokhota ngati uta. Kratovo inalemera ndi migodi. M'zaka za m'ma 1200 ndi 1300 kunabwera akatswiri a migodi achijeremani a mtundu wa Saxon, ndipo mu ulamuliro wa Ottoman, ufumu wakale wa Turkey, kunkasulidwa ndalama zasiliva. Anthu olemera ankamanga nsanja zamiyala zobisalamo nthawi ya chipwirikiti. Zinalipo 12, zatsala 6, ndipo pansi pa tauniyi pali njira zokumba zomwe zinkalumikiza zina mwa izo. Mukamachoka gulani k'cana sol, mchere wosinja pamodzi ndi zitsamba zouma, womwe amawaza pa buledi.

Makilomita ochepa kuchokera pamenepo pali Kuklica, pomwe paima zipilala zamiyala zoposa 100, zina zooneka ngati anthu. Zinapangika chifukwa mvula ndi mphepo zinakokolola mwala wofewa n'kusiya wolimba. Anthu akumeneko ali ndi nthano yawo: mwamuna wina analonjeza akazi awiri ukwati tsiku limodzi, wina m'mawa wina masana. Wamasanayo atamva ng'oma n'kupeza mwamunayo akukwatira mnzake, anatemberera onse, ndipo mkwati, mkwatibwi ndi oitanidwa anauma n'kusanduka miyala.

Cha ku Kumanovo kuli malo awiri oyenera kuwaphatikiza tsiku limodzi. Ku Staro Nagoričane kuli tchalitchi china cha George Woyera chomwe mfumu Milutin ya Serbia inamanganso mu 1313, ndipo zithunzi zake anajambula ndi Michael Astrapas ndi Eutychios, amisiri awiri omwe ntchito yawo imapezekanso ku Ohrid. Kupitirira pamenepo kuli Kokino.

Kodi n'zoona kuti ku Kokino anthu akale ankaonerako nyenyezi?

Chotsimikizika ndi ichi: pansonga ya phiri la Tatićev Kamen, mamita 1,013 kuchokera pa nyanja yamchere, katswiri wofukula zakale Jovica Stankovski anapeza mu 2001 malo omwe anthu ankasonkhanapo zaka pafupifupi 3,800 zapitazo. Anapezapo mapale a miphika, miyala yoperera ndi mipando yosemedwa m'thanthwe. Akatswiri ena akuti mipata ya m'miyalayo inkasonyeza potulukira dzuwa pa tsiku lalitali ndi lalifupi kwambiri pachaka, kuti anthu adziwe nthawi yobzala ndi yokolola. Ena amatsutsa, akuti pa thanthwe long'ambikang'ambika chotero munthu angapeze mpata wolozera kulikonse komwe akufuna. Pitani m'mamawa, mudzione nokha. Kulibe mthunzi ndipo kulibe pogula madzi.

Prilep ndi tauni ya fodya. Mlendo akataniko?

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena ku Dowa angasangalale nayo kwambiri tauniyi. Kumeneko amalima fodya wa masamba ang'onoang'ono onunkhira, wa mtundu wa oriental, wosiyana ndi bale wathu, koma makampani a ndudu amasakaniza mitundu iwiriyi m'ndudu imodzi. Sapachika m'chigafa chamthunzi, amaumitsa padzuwa. M'miyezi yotentha mabanja amathyola masamba usiku kapena mbandakucha, n'kukhala pakhonde kuwasoka pa ulusi ndi singano zazitali, ndipo mikanda ya fodyayo imapachikidwa m'makoma ndi m'mashedi apulasitiki m'misewu yonse. Ku Prilep kuli malo a kafukufuku wa fodya omwe anakhazikitsidwa mu 1924, ndiponso nyumba yosungiramo mbiri ya fodya.

Pamwamba pa tauniyi pali Markovi Kuli, mabwinja a linga la mfumu Marko yemwe anafa mu 1395, omangidwa pakati pa matanthwe akuluakulu osanjikizana. Kuchokera pamenepo njira yakale yapansi imakwera mpaka ku Treskavec, nyumba ya amonke yomwe ili pansi pa nsonga ya Zlatovrv. Moto wa mu 2013 unanyeketsa zipinda zambiri zogonamo, koma tchalitchi ndi zithunzi zake za zaka za m'ma 1300 ndi 1400 zinapulumuka. Msewu wa galimoto ulipo, koma amene ali ndi miyendo yolimba ayende wapansi. Ndi maola angapo, ndipo chigwa chonse cha Pelagonia chimatambasuka pansi panu pang'onopang'ono.

Bwanji dzina la Kruševo limatchulidwa ndi ulemu chotere?

Chifukwa cha masiku khumi a mu 1903. Pa 2 Ogasiti chaka chimenecho, tsiku la Eliya Woyera lomwe kumeneko amati Ilinden, anthu anaukira ulamuliro wa Ottoman. Ku Kruševo oukirawo analanda tauni n'kukhazikitsa boma lawo, mtsogoleri wake Nikola Karev. Asilikali a Ottoman anabwera ndi mizinga, ndipo patatha masiku khumi tauni inagwa, nyumba zambiri n'kutenthedwa. Pitu Guli ndi gulu lake anafera pamalo otchedwa Mečkin Kamen, kunja kwa tauni, akutchinga njira. Mpaka lero 2 Ogasiti ndi tsiku la tchuthi m'dziko lonse. Akatswiri a mbiri a ku Bulgaria ndi a ku North Macedonia amatsutsana kwambiri pa nkhani yoti oukirawo ankadziona ngati a mtundu uti, ndipo mukamva mbali imodzi dziwani kuti ilinso ina.

Pamwamba pa tauniyi pali Makedonium, chikumbutso chomwe chinatsegulidwa mu 1974, ntchito ya Jordan Grabuloski ndi Iskra Grabuloska. Ndi chimpira chachikulu choyera cha konkire, chokhala ndi mawindo otuluka kunja mbali zonse, ena a magalasi amitundumitundu. M'kati mwake muli manda a Karev. Ena amachiona chachilendo. Ine ndimachiona kuti ndi chimodzi mwa zomanga zolimba mtima kwambiri za nthawi ya Yugoslavia.

Kruševo ili pa mamita 1,350, tauni yokwera kuposa onse m'dzikoli, ndipo ndi kwawo kwa anthu ambiri a mtundu wa Vlach omwe ali ndi chilankhulo chawochawo.

Ndimakonda mabwinja a Aroma. Ndipite kuti?

Ku Stobi ndi ku Heraclea Lyncestis. Stobi ili pomwe mtsinje wa Crna umathira mu Vardar, m'mbali mwenimweni mwa msewu waukulu wochoka ku Skopje kupita ku Greece, koma magalimoto ambiri amangodutsa. Kuli bwalo la masewero, misewu, mabwinja a sunagoge, ndi matchalitchi a Akhristu oyambirira. Mfumu Theodosius I inakhalako mu 388. Pansi pa nyumba yobatiziramo pali zithunzi zopangidwa ndi timiyala tamitundu, za agwape ndi mbalame za pikoko zikumwa madzi. Pikoko ameneyo ndi amene ali pa ndalama ya 10 denar. Dera lozungulira, la Tikveš, ndilo la mphesa ndi vinyo.

Heraclea ili kunja kwa Bitola, mtunda woyenda wapansi kuchokera pakati pa tauni. Anaikhazikitsa ndi Philip II, bambo wa Alexander Wamkulu, ndipo inali pa Via Egnatia, msewu wa Aroma wochoka ku gombe la Adriatic kupita ku Constantinople, yomwe lero ndi Istanbul. Nakonso kuli zithunzi zazikulu za timiyala. Dziwani kuti nthawi yozizira zina amaziphimba ndi mchenga kuti zisaonongeke. Bitola payokha ndi yoyenera usiku umodzi: Mustafa Kemal Atatürk, yemwe anayambitsa dziko la Turkey lamakono, anaphunzira usilikali kumeneko, ndipo manda a asilikali a France ndi a Germany a Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse akusonyeza kuti mzere wa nkhondo unadutsa pomwepa.

Ukwati wa ku Galičnik ndi chiyani, ndipo mlendo angaonere?

Angaonere, ndipo anthu zikwi amapita. Galičnik ndi mudzi wa nyumba zamiyala wa anthu a mtundu wa Mijak, pa phiri la Bistra, m'paki ya Mavrovo. Nthaka yake siidyetsa anthu, choncho kwa mibadwo yambiri amuna ankapita kukagwira ntchito kutali, monga momwe agogo athu ankapitira ku migodi ya ku Joni, n'kumabwera kamodzi pachaka. Nthawi yobwerayo inali ya tsiku la Petulo Woyera, pa 12 Julayi, ndipo maukwati onse a m'mudzi ankachitika pamenepo. Pambuyo pa Nkhondo Yachiwiri anthu anasamukiratu, moti nthawi yozizira m'mudzimo mumakhala muli zii.

Mwambo wokha ndiwo sunafe. Chaka chilichonse, kumathero a sabata yoyandikira 12 Julayi, banja limodzi losankhidwa limakwatitsidwa motsata mwambo wonse wakale. Ng'oma ndi zitoliro zimalira masiku awiri. Mkwati amametedwa ndevu pagulu pafupi ndi kasupe. Achibale amapita kumanda kukaitana omwalira kuti nawonso adzakhale nawo pa ukwati. Mkwatibwi amabwera pa hatchi atavala zovala zolemera zopeta zofiira ndi ndalama zasiliva. Ndiye pali gule wa amuna wotchedwa Teškoto, yemwe amayamba pang'onopang'ono kwambiri, mwendo umodzi uli m'mwamba kwa nthawi yaitali, mpaka wotsogolera amakwera pamwamba pa ng'oma. Anthu amati guleyu amanena za kulemera kwa mtima wa munthu wotsanzikana ndi kwawo. Malo ogona m'mudzimo ndi ochepa. Ambiri amagona ku Mavrovo.

Tsikirani ku chigwa cha mtsinje wa Radika mukaone Sveti Jovan Bigorski, nyumba ya amonke yomwe mbiri yake imati inayamba mu 1020. Khoma lamatabwa lotchinga guwa linasemedwa pa mtengo wa walnut pakati pa 1829 ndi 1835 ndi Petre Filipovski Garkata, m'bale wake Marko, ndi Makarie Frčkovski, amisiri a mtundu womwewo wa Mijak. Muli anthu, nyama, mbalame ndi mphesa mazanamazana, nkhani za m'Baibulo zolukanalukana, ndipo pakona ina amisiriwo anadzisema okha ali ndi zipangizo m'manja. Moto wa mu 2009 unaononga nyumba zakale zogonamo, zomwe anazimanganso, koma tchalitchi sichinapse. M'nyanja yokumba ya Mavrovo mulinso tchalitchi cha Nicholas Woyera chomwe chinamira atamanga damu. Madzi akachepa chimaima pouma ndipo mukhoza kulowamo.

Kodi zonse ndi za Akhristu? Ine ndine Msilamu.

Ayi. Pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu m'dzikoli ndi Msilamu, ambiri a mtundu wa Albania, ena a Turkey, a Roma, a Bosnia ndi a Macedonia omwe. Ku Tetovo kuli Šarena Džamija, mzikiti womwe unamangidwa m'zaka za m'ma 1400 ndi chuma cha akazi awiri apachibale, omwe manda awo ali pabwalo pomwepo, ndipo Abdurrahman Pasha anaumanganso mu 1833. Kunja konse n'kojambulidwa timabwalo tamitundumitundu, ndipo m'kati muli maluwa, mizinda ndi chithunzi cha Mecca. Ndi mzikiti wogwira ntchito, mukhoza kuswaliramo. M'tauni yomweyo muli Arabati Baba Teḱe, malo a gulu lachisufi la Bektashi a zaka za m'ma 1500. Chakudya cha halal sichivuta ku Tetovo, Gostivar, Debar, Struga ndi mumsika wakale wa Skopje.

Mathithi aliko?

Aliko, kummwera cha kum'mawa, pa phiri la Belasica pafupi ndi Strumica. A Smolare ndiwo aatali kuposa onse a pa phirili, mamita 39.5, ndipo a Kolešino ali pafupi. Apiteni mu Epulo kapena Meyi madzi akadali ambiri. M'dera lomweli, mu 1014, mfumu Basil II ya Byzantium inagonjetsa asilikali a mfumu Samuel n'kukolowola maso a ogwidwa zikwizikwi. Pafupi ndi Strumica palinso Veljusa, katchalitchi kokongola ka mu 1080 komwe amasamalira ndi masisitere.

Ndikakhala ndi tsiku limodzi ku Skopje, ndilione chiyani kupatula ziboliboli za pakati pa mzinda?

Ziboliboli zazikuluzo ndi za posachedwa, za pulojekiti ya boma yotchedwa Skopje 2014, ndipo theka la ola likukwanirani. Kwerani phiri la Vodno mpaka ku Gorno Nerezi, ku tchalitchi cha Panteleimon Woyera cha mu 1164. Muli chithunzi cha Maria atafungatira mtembo wa Yesu, tsaya lake litagunda tsaya la mwana wake, nkhope itakwinyika ndi kulira. Ojambula a nthawi imeneyo sankaonetsa chisoni poyera chotero, n'chifukwa chake akatswiri a zojambula amabwera kuchokera kutali kudzachiona.

Mumzinda, imani pa siteshoni yakale ya sitima. Wotchi yake inaima pa 5:17, nthawi yomwe chivomezi cha pa 26 Julayi 1963 chinagwetsa mbali yaikulu ya mzindawu n'kupha anthu oposa 1,000. Nyumba yokumbukira Mayi Teresa, yemwe anabadwira ku Skopje mu 1910, ili pafupi. Chigwa cha Matka n'chokongola koma Loweruka ndi Lamlungu chimadzaza.

Za viza ndi mayendedwe zili bwanji?

North Macedonia sili mu European Union kapena m'chigawo cha Schengen, maiko a ku Ulaya omwe munthu amayendamo ndi viza imodzi. Wa pasipoti ya Malawi amafunika viza. Pali lamulo lolola amene ali ndi viza ya Schengen yolowera kangapo kukhalamo mpaka masiku 15, zomwe zimathandiza anzathu okhala kapena oyendayenda ku Ulaya. Malamulo otere amasinthasintha, ndiye funsani ku unduna wa zakunja wa dzikolo musanagule tikiti.

Mabwalo a ndege ndi awiri, Skopje ndi Ohrid. Ochokera ku Africa nthawi zambiri amadzera ku Istanbul. Ndalama yawo ndi denar. Euro imodzi imasinthidwa ndi ma denar pafupifupi 61, ndipo m'midzi mumafunika ndalama ya m'manja. Mabasi amafika m'matauni onse, koma ku Kokino, Kuklica, Kurbinovo ndi Galičnik mufunika galimoto ya hayala kapena takisi yomwe mwagwirizana nayo mtengo musananyamuke. Amayendetsa kudzanja lamanja, nyali zili zoyaka ngakhale masana. Sitima yapamtunda imachoka ku Skopje kudzera ku Veles ndi Prilep mpaka ku Bitola, koma siifika ku Ohrid. Zikwangwani zambiri za mabasi zimalembedwa m'zilembo za Cyrillic, choncho lembani dzina la komwe mukupita m'zilembo zimenezo papepala.

Nthawi yabwino yopita ndi iti?

Meyi, Juni, Sepitembala ndi kumayambiriro kwa Okutobala. Mu Julayi ndi Ogasiti chigwa cha Vardar chimatentha mpaka madigiri 40, ndipo ku Stobi kulibe pobisala. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu ina ya m'mapiri imatsekeka ndi chipale chofewa, ndipo mpweya wa ku Skopje ndi Tetovo umaipa ndi utsi. Mu Sepitembala mudzapeza mabanja akuotcha tsabola wofiira pabwalo, kukonza ajvar wodya chaka chonse. Mulaweko, pamodzi ndi tavče gravče, nyemba zophikidwa mu uvuni m'mbale yadothi.

Pali choopsa chomwe ndiyenera kudziwa poyenda m'mapiri?

M'nkhalango za Mavrovo, Pelister ndi Šar muli zimbalangondo ndi mimbulu, koma zimathawa anthu ndipo n'zovuta kuziona. Chomwe mudzakumane nacho ndi agalu oweta nkhosa a mtundu wa Šarplaninac, akuluakulu, aubweya wambiri, omwe ntchito yawo ndi kulimbana ndi mimbulu. Mukaona gulu la nkhosa, lilambalaleni patali. Agalu akakuthamangirani musathawe ndipo musawagende. Imani, lankhulani modekha, itanani mbusa, ndipo akawaletsa chokani pang'onopang'ono. Njira za Korab, phiri lalitali kuposa onse la mamita 2,764, zili m'malire ndi Albania, choncho nyamulani pasipoti ndipo ndi bwino kupita ndi wolondolera wakumeneko. Nambala ya ngozi ndi 112.